Maluwa a Nangozo ndi chisanu cha ku Joni

Ikani pansi zikwanjezo. Ndati ikani pansi! Make Tereza, sizasiyo bwera nayo kuno ndiikhalire. Bwerani nonse mbali ino ya tchalitchi kumene kuli kadzuwa, muyale zitenje, musendere pafupi, pakuti mawu anga masiku ano safika patali ndipo sindibwereza. Mwati wakutumani ndani kuti mudule maluwa a pakhomawa? A Jailosi, atcheyamani athu? Ati Loweruka kuli ukwati wa mwana wawo, ndiye masamba owauka ndi chisanuwa aipitsa zithunzi? Chabwino. Khalani pansi ndikuuzeni za a Jailosi amene ndimawadziwa ine, ndi kumene anachokera maluwa amene mwawanolera zikwanje m'mawa uno.

Ine pepala sindilidziwa, posaina ndimadinda chala. Koma chisanu ndimachidziwa ngati mwana wobereka ndekha. Ndinabadwira m'chisanu kuno kwa Bembeke, ndipo bambo anga anandiphunzitsa ndisanamere mabere kuti chisanu chimayenda ngati madzi. Chimatsetsereka kuchokera kuphiri, n'kukagona kudambo. Kumtunda mbatatesi ili biriwiri, kudimba yapsa. Chilinso ndi tsankho. Nsawawa chimazilambalala, tomato ndi nyemba chimagwetsa m'mawa umodzi, pamene mapichesi amachita kuchilakalaka, chaka chosazizira maluwa ake amakhala a apo ndi apo. Ndipo anandiuza chinthu china: chimene chisanu chawaula usachidule. Masamba akufa pamwambawo ndiwo akufunditsa amoyo ali pansi. Ukawachotsa wavula mbewu pamphepo. Udikire mapichesi achite maluwa, kunja kufunde, pamenepo ndiye utenge mpeni.

Chimene chinandichotsa pamudzi pano n'chisanu chomwecho. Amuna anga anali atamwalira, ana anayi ali pakhosi panga, ndiye m'bandakucha umodzi wa mu Juni dimba langa lonse la mbatatesi linada bii. Masiku amenewo aliyense amene anali ndi miyendo ankaloza ku Joni. Ndinagulitsa mbuzi, ana ndinasiyira alongo anga. Msuweni wanga Nangozo, mwana wa azakhali, atamva anabwera chothamanga. Mwamuna anali atamuthawa n'kumusiyira kamwana kakakazi.

“Asuweni, mundisiya ndi yani? Kapena mukuopa kuti azungu akakonda ine chifukwa ndine wooneka bwino?”

Anali wotero Nangozo, pakamwa posatseka. Tsiku lonyamuka azakhali anatiperekeza mpaka paboma pokwerera basi. Anandigwira pamkono apa, zala zawo zili ziii, nati, “Wamutenga wamoyo, udzandibwezere wamoyo.” Ine ndinaseka. Ndinati, “Azakhali, ku Joni si kumanda.” Ndinaseka ndi mano omwewa, amene atsala atatuwa.

Za ulendo sindichulukitsa. Kutentha kwa ku Tete, kugona chokhala, miyendo kutupa ngati mitondo, zipata za m'malire a mayiko zoti mtima umagunda mpaka m'makutu. Tinafika.

Ntchito tinaipeza pamunda wa maluwa kunja kwa Joni. Anatipezera ndi a Jailosi omwewa, chimenecho sindiwamana. Iwo ndiwo anali akapitawo, a kwa Kaphuka, jekete lachikopa, chizungu chili pakamwa. Mawu onse opita kwa bwana ankadzera mwa iwo, ndipo onse ochokera kwa bwana ankatulukira mwa iwo. Tinkawatcha abambo. Powalankhula tinkagwada monga tinaleredwera, ndipo Lamulungu tikabwera kopemphera ine ndi Nangozo tinkawachapira zovala, poti ndi akwathu.

Mundawo unali pamalo otsetsereka. Kumtunda kunali khoma lamiyala, kumunsi kunali damu ndi geti loyang'ana kumsewu. Maluwa ankalimidwa m'miphika yakuda yapulasitiki, mizeremizere, anthu a magalimoto n'kumabwera kudzagula kuti akadzale kunyumba zawo. Ife tinkagona kukomboni, tizipinda tamalata, awiriawiri.

Mumati kuno kumazizira? Chisanu chathu chino chili ndi ulemu. Chimabwera ndi nkhungu, ndi kamvula kowaza, umachiona chikutsika m'mapaini a kuphiri n'kukonzeka. Cha ku Joni n'chouma. Masana dzuwa lili phwee, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe, koma m'mawa udzu wonse uli mbuu ngati wina wakhuthula ufa. Madzi a m'chidebe ankauma gwa, tinkachita kuwaswa ndi mwala kuti tisukusule. Milomo kung'ambika, zala kukana kugwira khasu. Nangozo ankadzuka n'kundigwedeza. “Asuweni, mapazi anuwa ndi a munthu wamoyo, kapena ndikaitane ansembe?”

Ndiye kulinso china, chisanu chakuda. Chimenecho sichiyeretsa udzu. Masana ake kumaomba kamphepo kouma kochokera kumwera, kolasa m'mphuno, mame osagwa. M'mawa umatuluka n'kuona pansi pali bwinobwino, koma masamba onse alefuka, ada ngati ndiwo zofutsa.

Maluwanso ali ngati anthu, sapirira mofanana. Kunali timaluwa tina tatifupi ta nkhope ngati ya mphaka. Timeneto tinkadzuka titauma gwa, koma dzuwa likangokwera n'kuyamba kuseka ngati palibe chachitika. Rozi amangogona tulo, n'kudzadzuka mu Seputembala wamphamvu kuposa kale. Ena a masamba ngati a nthochi ankafa pamwamba, pansi pa dothi ali moyo. Ndiye panali awa, amene mwakhala pafupi nawowa, a minga, okwera khoma, a maluwa ofiirira opyapyala. Dzina lake lachizungu limandipinda lilime, ife tinkangoti kapepala. Kwawo kwa kapepala ndi kotentha. Akakula n'kugwira khoma amalimba, koma akadali mwana mumphika, chisanu chimamupha ngati mwanapiye.

Mwini munda anali mzungu wokalamba, tinkamutcha Chipewa. Iye Chichewa ayi, ine chizungu ayi. Koma tsiku lina chakumadzulo anandipeza ndaimirira, mphuno ili m'mwamba, kenako ndikukoka masaka kufunditsa kapepala popanda wondituma. Ananyowetsa chala chake n'kuchiimika kumphepo, anandiyang'ana, n'kuseka mpaka kutsokomola. Kuyambira tsikulo zofunditsa zinali m'manja mwanga. Mkulu uja ankadziwa. Maluwa osalimba onse ankawaika kumtunda, kutsamira khoma lamiyala limene limasunga kutentha kwa dzuwa, n'kuwatchinga ndi mpanda waudzu. Kumunsi kudamu ankaikako okhawo oseka chisanu.

Nangozo naye anali ndi dzanja la sizasi. Akadulira rozi, ngakhale Chipewa ankavula chipewa chake. Zaka zimenezo zinali zabwino, ngati pali zabwino pa ntchito ya kwa eni. Kuseri kwa chimbudzi cha kukomboni tinadzalako maungu a mbewu ya kwathu, ndipo m'dzinja tinkadya nkhwani wotendera mpaka amayi ena a ku Zimbabwe, a MaMoyo, amene ankagona chipinda choyandikana nafe, anazolowera kubwera ndi mbale. Kumudzi tinatumiza mabulangeti, nsapato za ana, nyumba yanga n'kufoleredwa ndi malata ine ndisanaione.

Kenako Chipewa anagwa, mbali imodzi inafa. Kunabwera mwana wake kuchokera ku Debeni, kunyanja yamchere. Kumeneko amati nyengo yozizira ndiyo kuvala malaya aatali manja basi, maluwa amachita chaka chonse, chisanu amangochimva kwa alendo. Zili ngati kutenga munthu wa ku Golomoti, kuchigwa kuja, n'kumupatsa dimba la kuno mu Juni. Tinkamutcha Kabudula, chifukwa ngakhale kuzizire bwanji miyendo inali pamtunda, jekete pamwamba. Sanali munthu wankhanza, ayi. Anali chitsiru chofulumira.

Chisanu choyamba cha chaka chimenecho chinangonyambita nsonga za kapepala, masamba apamwamba n'kuda monga adera awa lero. Kabudula anazungulira, nkhope itakwinyika, a Jailosi ali pambuyo. Posakhalitsa lamulo linatuluka. Mpanda waudzu ugwetsedwe, ukuoneka ngati khola. Masaka atenthedwe, ndi uve. Miphika yonse ya kapepala itsikire kugeti, pafupi ndi damu, kuti a magalimoto aziiona. Ndipo chakuda chilichonse chidulidwe.

Nthawi ya chakudya chamasana ndinapita pakhomo pa a Jailosi, n'kugwada pa simenti yozizira.

“Abambo, pepani, kawauzeni bwana. Kumunsi kuja ndiko kumagona chisanu. Ndipo masamba akudawa asadulidwe mpaka kufunde. Chisanu chenicheni sichinabwere, ichi chinali chongolonjera.”

Iwo anali kudya buledi ndi nsomba zam'chitini. Sanandiyang'ane n'komwe.

“Mayi, kodi mwayamba ntchito yolosera zanyengo pawailesi? Bwanayu za maluwa anachita kuphunzira kusukulu yaikulu. Inu munaphunzira kuti? Kudimba kwa Bembeke?”

“Inunso ndinu a kwa Kaphuka, abambo. Mbatatesi yowauka munaiona ndi maso anu.”

“Ndinaiona, n'chifukwa chake ndinaithawa. Pano sitilima mbatatesi.” Ananyambita chala. “Chabwino, pitani, ndikawauza.”

Sanakanene. Ndinawaona madzulo ake ataimirira ndi Kabudula, akuloza kugeti, akugwedezera mutu, mano ali pamtunda. Munthu woopa kuuza bwana watsopano kuti walakwa, kuopera jekete lachikopa. Ndipo mverani apa, pakuti apa ndi pamene pamandiwotcha mpaka lero. Kabudula anali pafupi nane ngati pamene pali mtengo wa mkungudzawo. Pakamwa ndinali napo, manja ndinali nawo. Koma ndinaleredwa kuti mkazi salumpha mwamuna amene waikidwa patsogolo pake, nkhani imadzera kwa akulu. Ndinati ndanena kwa abambo, mbali yanga ndakwaniritsa. Ulemu! Ndinaugwira ulemuwo ndi manja awiri ngati mbale ya alendo.

Sizasi anapatsa Nangozo, poti ndiye katswiri. Anayamba ndi kungobudula nsonga zokha, mochenjera. A Jailosi anaima kumbuyo kwake.

“Iwe, ukumeta mwana wakhanda? Dula pansi, mpaka pobiriwira. Bwana asaone chakuda ngakhale chimodzi.”

Masiku atatu akudula. Tsiku lachiwiri ndinamupeza misozi ikugwera mumphika. Anali atayamba kale kutsokomola chiyambire Meyi, kachifuwa kouma kosatha.

“Asuweni,” anatero, “ndikuwavula. Ndikuchita kumva kuti akuzizidwa.”

Ine ndinkakankha wilibala yotaya zodulidwazo. Ndiye maulendo angapo ndinaikamo mphika wosadulidwa pansi, zinyalala pamwamba, n'kukhotera kukomboni. Miphika isanu. Ndinaitsamiritsa kukhoma la chimbudzi, mbali ya dzuwa, pamene tinkadzala maungu, n'kuifunditsa udzu wa mpanda wogwetsedwa uja. Chimene ndinkachitira sindikudziwa. Mwina kuti atsaleko a mbewu.

Ndiye ku Joni kuli chinyengo china. Pakati pa chisanu pamabwera masiku ofunda. Kapepala wodulidwa uja ananyengeka, anayesa nyengo yatha, n'kutulutsa timphukira tanthete, tofewa ngati khutu la mbewa. Kugeti kunakongola. Magalimoto anayamba kuima. Kabudula ankayenda akuimba mluzu, ndipo a Jailosi akandidutsa ankati, “Mwadzuka bwanji aneneri? Chisanu chanu chija chasochera njira?”

Lachiwiri lina masana mphepo inatembenuka. Inandilasa m'mphuno ndili kuthirira, ndinaika keni pansi. Kumwamba kunali mbee, mbalame zili chete. Ndinathamangira a Jailosi kupempha masaka. Anati, “Masaka ake ati? Si aja munatentha nokha?”

M'mawa mwake ndinatsegula chitseko, udzu sunayere. Ndinangodziwa. Tinatsikira kugeti ine ndi Nangozo. Mizere yonse, kuyambira pageti mpaka kudamu, inali bii. Timphukira tija tinali lende ngati ulusi wonyowa, makungwa atang'ambika, ndipo dzuwa litakwera panayamba kununkha ngati kabichi wowola. Ntchito ya zaka zitatu ya mkulu Chipewa, yonse m'mawa umodzi.

Kabudula anabwera akuthamanga. Anatisonkhanitsa tonse, akukuwa, nkhope ili psuu. Ananyamula mphika umodzi n'kuonetsa chitsa chodulidwa mpaka pansi, akufunsa. Chizungu sindinkachimva, koma ndinaona chala cha a Jailosi chikukwera pang'onopang'ono mpaka kuima pa Nangozo. Kenako a Jailosi anamasulira mawu a bwana ndi nkhope yachisoni ngati ya pamaliro.

“Ati unadula mopitirira, waononga katundu. Ntchito yatha. Pofika Lachisanu ukhale utatuluka m'chipinda.”

Nangozo, wa pakamwa posatseka uja, anangoti kukamwa yasa. Kunali pakati pa Julaye. Munthu wa chifuwa, wopanda mbale wina m'dziko lonselo koma ine.

Pamenepo ulemu unandithera. Ndinadzuka, dzanja lili ndi matope, n'kumugwira Kabudula pamkono. A Jailosi anakuwa, “Mayi, mwapenga? Bwana sagwidwa!” Ndinati, “Chokani apo, Jailosi.” Popanda a, popanda abambo. Ndinamukoka mzungu uja ngati mbuzi yopita kumsika, kukwera naye mtunda, anthu onse akutsatira, mpaka kuseri kwa chimbudzi. Ndinakankha udzu. Miphika isanu ija inali poteropo, yonyansa, masamba akuda ali lendelende. Ndinapala khungwa ndi chikhadabo: mkati muli biriwiri, madzi akutuluka. Ndinalanda mphika wa kugeti umene anali adakaugwira, kupala: mouma, mofiirira ngati nkhuni. Ndinagwira jekete lake, kuchita ngati ndikulidula ndi zala ziwiri, n'kudzikumbatira ndikunjenjemera. Kenako ndinatenga chidebe cha madzi n'kukhuthulira pansi. Madzi anatsetsereka kuloza kudamu, ine ndikuwatsata ndi chala, ndikukuwa m'Chichewa changa chomwechi, “Chisanu! Chisanu chimapita uko!”

Anamva. Amayi inu, anamva! Nthawi yake yosakwana kumwa kapu ya madzi. Makutu ake anafiira, anayang'ana kumunsi, anayang'ana khoma lamiyala la bambo ake, n'kugwira pakamwa. Chinthu choti ndikanachita masabata atatu m'mbuyomo, maluwa ali moyo, Nangozo ali pantchito. Ndinkadikira chilolezo cha yani?

Ndinaloza Nangozo, n'kuombetsa manja kupempha. Kabudula anatembenukira kwa a Jailosi, analankhulana nthawi yaitali. Potsiriza a Jailosi anati, “Ati inu mukhale, muziyang'anira za chisanu monga kale. Koma za uyu ananena kale pamaso pa anthu, bwana sabweza mawu.”

Ndinakhulupirira. Ndi a MaMoyo, amene chizungu ankachimva, anadzandiuza patapita masiku, Nangozo atapita kale. Ati bwana anafunsa kuti, kodi mayi uyu anakuuzapo zimenezi? A Jailosi anati ayi, sanandiuzepo. Ati bwana anafunsanso kuti, nanga winayu timubweze? A Jailosi anati, ameneyu ndi wodwala chifuwa, apatsira anzake, mulekeni apite. Ankaopa kuti Nangozo akakhala, tsiku lina adzanena amene anaima kumbuyo kwake akuti dula pansi. Munthu wakwathu! Woti malaya ake tinkachapa ndi manja ong'ambika ndi chisanu!

Ine ndinakhala. Musandiyang'ane choncho, ndikudziwa. Ndinafuna kunyamuka naye, iye anakana. “Asuweni, tikachoka tonse ana asanu aja adya maluwa? Khalani. Ndamva ku Kepi kulibe chisanu.” Ndinamupatsa bulangeti langa ndi mphika umodzi waung'ono mwa isanu ija. Anaukulunga m'chitenje n'kuubereka kumbuyo. Pageti anatembenuka n'kunena kuti, “Mwana uyu yekha ndiye sindinamuvule.”

Ku Kepi, kunyanja kumapeto kwa dzikolo, chisanu chowaula kunalibedi. Koma kumeneko zinthu n'zotembenuka: mvula yawo imagwa nyengo yozizira. Ankandiimbira foni pa Lamulungu. “Asuweni, kuno Julaye ndiye dzinja. Mapiri onse ali maluwa okhaokha, ena aakulu ngati mbale. Kapepala wathu ndamuika m'chitini cha penti, akukula ngati wakuba. Koma munthu sauma kuno. Mvula imagwa chopingasa, imalowa ndi m'makutu momwe.” Ankathyola maluwa m'mapiri, m'matope, zovala zonyowa kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Pafoni ndinkamva chifuwa chikulankhula kuposa mwini wake. Dziko limene linakomera duwa linamudya munthu.

Atatha nyengo zozizira ziwiri anabwerera kuno, ataonda ngati bango, katundu wake ndi kachikwama kamodzi ndi timitengo ta kapepala uja tokulunga m'saka lonyowa. Ena a inu munamuona. Anadzala timitengoto pano, ndipo taonani pamene anasankha: mbali ya dzuwa, kutsamira khoma, osati kumunsi kuja koyang'ana kudambo. Anaona dzinja limodzi. Chimanga chikucha anapita. Uthenga unandipeza ndili ndi saka m'manja, ndikufunditsa maluwa a Kabudula. Ndinamaliza mzerewo. Mukumva? Ndinamaliza mzerewo, kenako ndiye ndinakhala pansi.

Ndinagwirabe zaka zina, chaka chilichonse kupulumutsa maluwa a eni. A Jailosi tinkapatsana moni. Mawondo atayamba kukana ndinabwerera. Ndinapeza ana anga atatalika kundiposa, maso ali pa zikwama, osati pankhope panga. Wotsiriza uja ankandipatsa moni wa alendo, akafuna kanthu n'kumapita kwa alamu anga. Mapichesi a bambo anga onse alongo anga anali atadula n'kuwotchera njerwa. Ndinawafunsa, anati, “Munali kuti inu?”

Kwa azakhali ndinapita ndi bulangeti lalikulu la ku Joni, lolemera, la maluwamaluwa. Ndinagwada pakhonde. Analilandira, analisisita, n'kuliika pambali.

“Bulangeti ndalandira. Nanga uja ndinakupatsa pabasi?”

Ndinati, “Azakhali, anabwera wamoyo.”

Anati, “Anabwera kudzafa.”

Sanadyepo m'nyumba mwanga mpaka tsiku lawo lomaliza. Bulangetilo tinawaika nalo m'manda likadali latsopano.

Mukufuna kudziwa za enawo? Chipewa anamwalira chaka chomwe chija, osadziwa zimene zinachitikira kapepala wake, ndipo mwina n'chimodzi chokha chimene Mulungu anamuchitira chifundo. Kabudula anaphunzira kununkhiza mphepo, koma mtima wake sunali pamenepo. Ndinamva kuti anagulitsa malo, pamene panali mizere ya maluwa pano pali nyumba, iye anabwerera kunyanja kwake kosazizira. A MaMoyo anapita kwawo, foni yawo inasiya kulira. Mwana wa Nangozo anakwatiwa ku Golomoti. Anadzathyola kamtengo pano n'kukadzala kumeneko, ati kakwera mpaka padenga, maluwa chaka chonse, sadziwa n'komwe kuti Juni ndi chiyani. Amabwera chaka chilichonse kudzaima pakhoma pano, poti pamanda a mayi ake chiswe chinadya mtanda.

A Jailosi anabwera ndi galimoto, anadzakwatira kuno, anamanga nyumba ya kumsewu ija. Amawerenga mawu a Mulungu kutsogolo ndi chizungu chosakanizamo, ndipo inu munawasankha utcheyamani ndi manja anu. Lamulungu lililonse amadutsa pakhoma pano. Dzina la Nangozo sanalitchulepo. Ine ndakhala ndikuwapatsa moni wogwada zaka zonsezi, nkhaniyi ili m'mimba, kuopa kuti mudzati gogo uja wayamba misala, akunyoza akuluakulu a mpingo.

Ndiye lero atuma inu. Iwo sagwira sizasi, sanaigwirepo. Amaima kumbuyo kwa mkazi n'kumati dula pansi. Maluwawa akafa, pamsonkhano chala chidzakwera pang'onopang'ono, chidzaima pa iwe make Tereza.

Tanunkhizani mphepoyi. Nkhungu kulibe, kuphiri kukuoneka mtengo uliwonse, ndipo yatembenuka, ikuchokera kumwera. Chisanu cha dzana chinali chongolonjera. Zikwanje zanuzo zitengeni, koma mupite nazo kutsidya uko mukamwete udzu, tifunditse mizu dzuwa lisanapendeke. Tsamba ngakhale limodzi lisadulidwe mpaka mapichesi a kwa aphunzitsi atachita maluwa. Akwati akajambulitse kukhomo, khoma ili si lawo.

Njinga yamoto ikumvekayo ndi ya a Jailosi, abwera kudzaona ngati ntchito yatha. Ayi, musadzuke kukawalonjera, ndipo wina asandinenere. Make Tereza, ndigwire dzanja ndiimirire. Sizasiyi ndatenga ine. Lero sindituma munthu, ndipo mawondo awa sagwadanso.